Singano ya Pakhosi

Mwana wa mng'ono wanga anabadwa milomo ili bii ngati wanyambita inki. Adokotala anati mitsempha ikuluikulu ya mtima wake inamera mosinthana, ndipo chimene chinkamusunga chinali kamtsempha kena kamene kamatsekeka kokha khanda likabadwa. Pankafunika mankhwala olowa m'magazi osalekeza kuti kasatsekeke mpaka tsiku la opaleshoni.

Vuto linali polowetsera mankhwalawo. Mitsempha ya m'manja inali ngati ulusi. Anamwino anabaya kudzanja, kuphazi, mpaka anamumeta pambali pa mutu. Diripi inkagwira pang'ono, kenako malowo n'kutupa. Ine ndi amene ndinkadikirira mng'ono wangayo, yemwe ankayendabe chowerama.

Adokotala a ana, mayi wamfupi wovala nsapato zamphira, anatiitanira pakhonde. Panali ife awiri, mlamu wanga ndi amayi ake.

"Tikufuna tilowetse kapaipi mumtsempha waukulu wa pakhosi," anatero. "Sitibaya mongopapasa ayi. Tili ndi makina ounikira, ofanana ndi aja ounikira pathupi. Singano timaiona ikulowa. Zoopsa zilipo, sindikubisirani, koma kudikira n'koopsa kwambiri."

Apongozi a mng'ono wanga anaomba m'manja kamodzi. "Pakhosi? Ndi nkhuku imeneyi? Kwathu kulibe mitima yopotoka ngati iyi. Za kuchimake izi. Musiyeni mwanayo akapumire kunyumba."

Ndinayang'ana mlamu. Munthu uyu tsiku lounika pathupi anangofunsa funso limodzi, loti ndi mwamuna kapena ayi, ndipo atamva anagulira anzake onse mowa. Tsopano ankayang'ana makiyi a galimoto.

"Amayi akunena zoona," anatero. "Tidzabereka wina."

"Adokotala, kabayeni," anatero mng'ono wanga.

"Ukundidula mawu?" anatero mlamu. "Akafa ndiwe wamupha. Ndipo kwanga usadzapondeko."

"Ndamva. Adokotala, kabayeni."

Mlamu ndi amayi ake anatsika masitepe osacheuka.

Anatilola kuonera pagalasi la chitseko. Mwanayo anamugonetsa ndi mankhwala, anamuika kathawulo kopinda pansi pa mapewa, kamutu n'kukatembenuzira kumbali. Anamufunda nsalu yobiriwira, n'kusiya pakhosi pokha. Adokotala anapakapo mafuta oterera n'kukhazikapo kachipangizo kangati bokosi la machesi. Pasikirini panaoneka timaso tiwiri takuda.

Namwino wina wachikulire anaima nafe n'kumanong'ona. "Timasoto ndi mitsempha. Kamene kakugundako n'koletsedwa. Onani kanzakeko, akakanikiza kakuphwatalala. Ndi komweko."

Kadontho koyera kanatsika pang'onopang'ono n'kulowa m'diso lakudalo. Mng'ono wanga anandifinya dzanja mpaka zikhadabo zinalowa. Kenako adokotala analowetsa kawaya, kapaipi n'kutsatira, anasoka, anamata. Adokotala anawongola msana n'kutikwezera chala chachikulu.

"Asisi, ndigwireni, ndigwa," anatero mng'ono wanga. Anakhala pansi pomwepo, mkaka utanyowetsa diresi.

Masiku onse odikira opaleshoni mlamu sanabwere, sanaimbe. Matewera ndinkagula ndine. Mng'ono wanga ankakama mkaka m'kapu, anamwino n'kumamwetsa mwanayo kudzera pamphuno.

Opaleshoni inayenda bwino. Milomo inafiira, mwana anayamba kulira mokweza mpaka kusokoneza anzake. Nkhani itafika kunyumba, mlamu anatulukira atavala jekete, atanyamula chidole chachikulu kuposa mwanayo. Anajambula chithunzi, kenako anapita pawindo kukaimba foni.

"Eya, wachira mnyamata. Zinali zovuta, koma ndinawauza madokotala kuti chitani chilichonse."

Apongozi aja anasuzumira m'kabedi. "Waona kulimba kwakeku? Magazi akwathu amenewa."

Ndinatsegula pakamwa, koma mng'ono wanga anandiponda phazi. Analibe ntchito, ine ndimakhala chipinda chimodzi ndi ana anga atatu, ndipo mwanayo ankafunika kumabwera kuchipatala pafupipafupi. Galimoto inali ya mlamu.

Tsiku lotuluka, adokotala aja anabwera kudzatsanzika. Mlamu anawagwira chanza ndi manja awiri.

"Mulungu akudalitseni, adokotala. Ife tinkakukhulupirirani kuyambira pachiyambi."

Adokotala anamuyang'ana, anayang'ana mng'ono wanga, n'kubweza dzanja lawo m'thumba. "Mayi, pabalapo pasamanyowe," anatero, n'kupita kubedi lina.

Apongozi anatenga mwana n'kukakhala naye kutsogolo kwa galimoto. Mng'ono wanga anakhala kumbuyo, pakati pa ine ndi chidole chija, beseni lili pamiyendo.