Khobidi la pa Denga

Moffat adatsika njinga yamoto kutada. Wakabaza adaloza phiri, n'kuloza kanyali kamodzi pamwamba pake, basi n'kubwerera ku Chezi.

Moffat ankafuna ntchito. Ku Lilongwe kudali sitolo yogulitsa zinthu zakale. Mwini wake, mayi Eleanor, adamuuza mwachidule: abwere ndi khobidi loboola la nthawi ya atsamunda pofika Loweruka masana, ntchito ndi yake. Koma losatsuka. "Kudako ndiye mtengo wake. Ukalikwecha, walipha. Ukabwera ndi chonyezimira usadzapondenso pano."

Tsikuli lidali Lachisanu. Moffat adaamva kuti kuno, a Lazaro ali ndi makobidi otere chitini chodzaza, osiya malemu bambo awo. Adawaimbira foni Lachiwiri kuti akubwera. Padalakwika ndi pomwepo.

Pakhomo padali poti mbee. Mizere ya tsache inkaoneka ndi tochi. Mapoto pathandala ankachita kuphethira. Mayi Eveline, akazi a Lazaro, adamulandira chikwama, n'kuchipukuta asadachiike pansi.

Atatha malonje, mayiwo adabwera ndi mbale yovindikira nsalu. Adagwada. Adavundukula.

Nyumba idawala. Makobidi onse psuu, ngati angotuluka kumene kosula. Njovu ziwiri zimene zimakhala pa khobidi lotere zidali zitangotsala michira.

"Mwatani, mayi?"

"Masiku atatu, alendo. Loyamba phulusa. Lachiwiri mchenga ndi mandimu. Lero waya wa mapoto. Onani zalazi."

"Ine ndimafuna akuda."

Mayi Eveline adayang'ana amuna awo. "Ati akuda?"

"Akuda," adatero a Lazaro. "Za m'tauni."

"Mlendo achoke ku Lilongwe, ine ndimuonetse litsiro la apongozi anga? Kutchalitchi akandimve bwanji?"

Moffat adafufuza mbale yonse, limodzilimodzi. Padalibe lopulumuka. Ngakhale chitini adachikwecha mpaka kuboola.

A Lazaro adamumvera chisoni. "Ngati ndi kuda, tidetsa. Tiwaponye m'khola agone ndi mbuzi."

"Bambo, kuda kwa zaka makumi asanu ndi awiri sikulowa usiku umodzi."

"Mbuzi zathu simukuzidziwa."

"Zanga zimene ndatsukazi zisapite kukhola," adadula mayi Eveline. Adavindikira mbale ija n'kukagona nayo.

Moffat adagona pamphasa, nsapato zili kumutu. Podzuka adazipeza pakhomo zikuwala.

Kusadache bwino adapita kuchimbudzi. Kadali kanyumba ka zidina, denga lake lata limodzi lofiira ndi dzimbiri, lopsinja ndi miyala. Potuluka adaima kuti amange lamba. Maso ake adagwera padenga. Pakona pa latalo padali msomali wakale wopindika. Pansi pa mutu wa msomaliwo padali kanthu kobulungira, kakuda bii.

Adasendera. Njovu ziwiri. Zonse zili ndi makutu.

A Lazaro adamupeza akupumira m'mwamba. "Limenelo? Bambo anga ankatero pokhoma malata, kuti mvula isalowe pamsomali. Lata ili n'la nyumba yawo yakale. Msomali udakana kuzuka."

"Amayi sadalione?"

"Ndi afupi." A Lazaro adatsitsa mawu. "Ndikatenge pulayala?"

"Musayerekeze. Likakandika latha."

"Nanga?"

Moffat adayang'ana khobidi, adayang'ana msomali, adayang'ana lata. "Ndipatseni lonse."

"Dzinja lino? Munthu adzikhala bwanji m'menemu?"

Moffat adathamangira m'nyumba, n'kubwera ndi ambulera yake yakuda. Adaitambasula, n'kuikhazika pakhoma. Idakwana. A Lazaro adalowa kukayesa. Adanjuta, adadzuka. "Iliko bwino kuposa lata. Nyamulani."

Miyala idagwa pansi. Lata lidalira. Mayi Eveline adasuzumira pakhomo la khitchini.

"Alendo, mwasenza chiyani?"

"Ndapita, mayi. Zikomo kwambiri."

"Ndi lata la kuchimbudzi? Lili choncho? Mudutse nalo pa Chezi anthu azifunsa kuti lachokera kwa yani? Tulani kaye."

"Ndachedwa, mayi."

"N'kanthawi kochepa. Phulusa lilipo kale."

Moffat adayamba kuyenda. Mayiwo adatola beseni ndi waya, n'kuyamba kuyenda. Moffat adawonjeza. Nawo adakwinya chitenje n'kuwonjeza.

Njira idali yotsetsereka, yoterera, yodutsa m'minda ya fodya. Mphepo inkalowa pansi pa lata n'kumamukankhira m'mizere. Chala chimodzi adaphimba nacho khobidi. Kumbuyo beseni linkalira, pafupi, pafupi. Nsapato zopolishidwa zija sizinkagwira dothi. Mayi Eveline adali opanda nsapato.

Kumsewu kudali wakabaza wadzulo uja akupukuta njinga. Adayang'ana lata. Sadafunse. Moffat adadumphira kumbuyo.

"Tiye."

Njinga idatsokomola kawiri. Kachitatu idayaka. Pomwepo china chake chidakhudza lata, kwee, kuchokera pakati mpaka kunsonga.

Atafika pokhota, Moffat adachotsa chala. Njovu zidali zakuda ndithu. Palata, pambali pa khobidilo, padadutsa mzere umodzi wonyezimira ngati mpeni.

Adacheuka. Mayi Eveline adaima pakati pa msewu, waya m'manja, akupukusa mutu. Pamwamba paphiri, pachimbudzi paja, ambulera yakuda idakwera pang'ono, n'kutsika.