Pansi pa Nsalu Yakuda

Imelda anali atatopa, kutopa kofika m'mafupa. Bambo ake, a Jobson, mutu unali utawasokonekera ndi ukalamba. Iye ndiye ankawasambitsa, kuwadyetsa phala, kuwasaka m'minda ya fodya ya eni ake akasochera, koma dzina lake anali ataliiwala kalekale. Tsiku labwino ankamuitana kuti "mayi", tsiku loipa "wakuba iwe".

Masana a tsikulo achimwene ake, a Goliati, oyendetsa thiraki, ankabwera kudzawatenga kuti azikakhala nawo ku Chipata. Imelda ndiye anapempha zimenezo, ndipo analibe nazo manyazi. Olankhula alankhule, sanachapepo zofunda za nkhalamba. Chomwe chinkamuwawa n'chakuti bambo ake achoke ku Mlonyeni osamutchula dzina ngakhale kamodzi.

Akulongedza zovala, anakoka kunsi kwa bedi chikamera chija bambowo ankajambulira anthu pa boda ali mnyamata. Chinali chibokosi cha matabwa ofiirira, m'makona muli tizitsulo ta mkuwa, pakati chikopa chopindapinda ngati cha akodiyoni. Kutsogolo kunali diso lagalasi lovindikira, kumbuyo galasi lambuu, ndiye miyendo itatu yomangidwa ndi luzi. Kulemera kwake ngati thumba la mtedza. Masiku ano, poti aliyense ali ndi foni ndipo ngakhale nkhuku zimajambulidwa, ndani angalimbane ndi chimenechi? Anachitulutsa pabwalo kuti achikunthe fumbi basi.

"Mayi, musagwire pagalasipo!"

Anali a Jobson, atadzuka pakhonde pomwe ankakhala duu tsiku lonse. Manja aja olephera kugwira supuni anatambasula miyendo itatu ija, n'kukhazikapo bokosi, n'kumanga bawuti mosaphonya. Chikopa chinali chitadyedwa ndi mphemvu m'mbali, iwo anangotsekapo ndi chala.

"Khalani apo, dzuwa likuombeni kumaso," anatero.

Imelda anafuna kukana. Thumba la zovala linali lisanamangidwe, mankhwala asanawaike. Koma kukangana ndi munthu wotere n'kudzitopetsa chabe, choncho anavundikira ndowa n'kukhalapo. Ankadziwa kuti mulibe filimu m'menemo, mafilimu ake anasiya kupezeka iye ali pasukulu. Ankadziwanso, poti anasuzumiramo ali mwana, kuti pagalasi lambuulo munthu amaoneka chadodolido, mutu pansi miyendo m'mwamba.

A Jobson anadzifunda nsalu yakuda kumutu, kunja kukungooneka msana wopindika ndi miyendo yoonda. Dzanja linatuluka, n'kuyamba kupotokola kachitsulo ka m'mbali. Chikopa chinatambasuka, chinabwerera pang'ono, chinatambasukanso. Kenaka dzanjalo linaima.

"Imelda?"

Mawuwo anamveka chapansipansi, m'kati mwa nsalu.

"Ndine, ababa."

"Waonda bwanji chonchi, mwana wanga? Akukuzunza ndani?"

Anafuna kuseka, anafunanso kulira. Akanawayankha kuti chiyani?

"Palibe, ababa. Ndi ntchito chabe."

"Dzutsa chibwano. Usagwedezeke."

Nthawi yomweyo thiraki inalira hutala kumsewu. A Goliati anatsika, akubwera chothamanga uku akuloza wotchi.

"Achemwali, pa boda pali mzere lero! Katundu ali kuti?"

Imelda sanatembenuke. Anangokweza dzanja pang'ono kuti akhale chete, maso ali pa diso lagalasi lija. Khosi linkamuwawa, mkombero wa ndowa unkamulasa, ntchentche inamutera pamphumi, koma anaumirira. Ankadziwa kuti bambo ake ali m'nsalumo, ndipo ankaopa kuti akatulukamo sawapezanso.

Dzanja lija linatseka chivindikiro, linachichotsa, linachibwezeretsanso. A Jobson anavundukula nsalu, akuphethira ndi kuwala kwa dzuwa, thukuta lili kamukamu. Anayang'ana a Goliati, anayang'ana Imelda, n'kumwetulira kumwetulira kwaulemu kolandirira alendo.

"Tatha, mayi. Chithunzi chituluka bwino kwambiri. Mudzabwere Lachisanu."

Imelda anadzuka pandowapo pang'onopang'ono, n'kuwapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje chake.

"Ndidzabwera, ababa," anatero.