Ntchentche Yometedwa pa Kompyuta

Basi inanditula kutada. Tauni yachilendo. Achemwali anasamukirako miyezi itatu yapitayo, ine ndinali ndisanapondeko. Ndinafunsa kawiri, ndinasochera katatu. Kenako chikwangwani: situdiyo ya zithunzi. Ya alamu. Nyumba ili kuseri kwake.

Pabalaza panalibe pokhala. Mabotolo pamipando, pawindo, pamwamba pa wailesi. M'botolo lililonse mbozi ikudya tsamba. Achemwali amaphunzira za ntchentche zoikira mazira pa mbozi. Mphutsi zake zimadya mboziyo m'kati. Kwathu tinasiya kufunsa.

"Usakhalire botolo," anatero m'malo mwa moni. "Ndatulukira mtundu watsopano."

"Wa chiyani?"

"Wa ntchentche, iwe. Umati wa nsapato?"

Anandifotokozera ndili chiimire, chikwama kumsana. Pali mitundu iwiri yofanana ngati mapasa. Kusiyana kwake ndi timaubweya tapamsana. Wina titatu mbali iliyonse, wina tinayi. Sabata yatha ntchentche imodzi inaswa m'botolo. Anaibaya paphini. Makina okulitsira zinthu ali kusukulu, kutali. Ndiye alamu anaijambula ndi kamera yawo ya maukwati. Zithunzi zinapita kwa apulofesa, mumzinda wina. Yankho linabwera: pamsana palibe kaubweya ngakhale kamodzi, m'mabuku mulibe yotere. Mawa naini koloko akailengeza pamsonkhano. Ndi dzina la achemwali.

Alamu analowa akupukuta magalasi. "Mlamu, wawona ntchito? Manja anga awa."

Anatsegula kompyuta. Ntchentche inadzaza sikirini. Msana see, ngati wodzola mafuta. Maso akuwala. Kumbuyo kwake mitambo.

Msana umenewu ndinkaudziwa. Chaka chatha alamu anandijambula chithunzi cha pasipoti. Anachotsa chipsera changa cha pachipumi. Kumalire a dziko ndinakhala pabenchi tsiku lathunthu, ndikulumbira kuti ndine ndemwe.

"Alamu, mwaikonza?"

"Pang'ono chabe."

Achemwali anatembenuka pang'onopang'ono. "Pang'ono bwanji, bambo?"

"Inali ndi manyenje. Zithunzi zopita kwa apulofesa, munthu wamkulu. Ndikanatumiza chinthu chosameta?"

"Ubweyawo ndiye mayeso ake."

"Simunanene. Munangoti ioneke bwino. Mkwatibwi akati ndioneke bwino, ine sindifunsa za ziphuphu."

"Zoyambirira zili kuti?"

"Zoipa sindisunga. Dzina la situdiyo lingaonongeke."

Achemwali anakhala pansi. Pa botolo. Mwayi silinasweke.

Anatulutsa kabokosi m'kabati. Ntchentcheyo ili paphini, yakuda, yonyankhalala. Alamu anabweretsa galasi loonera mafilimu akale. Ine ndinagwira tochi. Achemwali anawerenga, mpweya ataugwira.

"Kamodzi. Tiwiri. Titatu. Usanjenjemere, iwe. Tinayi."

"Ndiye kuti?"

"Ndiye kuti ndi yawamba. Ili patsamba loyamba la buku."

Kumsonkhanoko kukakhala akatswiri makumi anayi. Mmodzi akangoti tiione yeniyeniyo, basi. Apulofesa manyazi, achemwali sukulu yathera pomwepo. Zaka zitatu zodyetsa mbozi.

Achemwali anaimbira apulofesa foni. Yozimitsa. Apulofesa amazimitsa dzuwa likalowa. Makalata a pakompyuta amawawerengera ndi mlembi, masana.

"Ndikhoza kubwezeretsa," anatero alamu, dzanja lili kale pa kompyuta. "Mukufuna tingati? Titatu? Tinayi? Ndiike tisanu, ukhalebe mtundu watsopano."

"Bambo, chotsani dzanja."

"Kapena tiimete yeniyeniyo. Lezala lilipo."

Achemwali anawayang'ana. Alamu anapita kukatereka tiyi.

Njira inatsala imodzi. Ntchentche ipite yokha, apulofesa aione ndi maso asanakwere pansanja. Basi yoyamba imanyamuka faifi, ulendo wa maola atatu. Achemwali sakanachoka. Ntchentche za m'mabotolo asanu ndi limodzi zinali pafupi kuswa, ndipo kuwasiyira alamu kunali kuika mbuzi m'munda.

Onse awiri anandiyang'ana.

"Ndangofika kumene," ndinatero.

"Iwe unagonapo kawiri malo amodzi? Chikwama sunavule n'komwe."

Zoona. Chinali chikadali kumsana.

Achemwali analemba kalata yopepesa. Anaing'amba. Analemba ina, yaifupi. Alamu anapempha kuti dzina la situdiyo lisatchulidwe. Kenako anasintha maganizo: litchulidwe, ndi nambala ya foni, poti apulofesawo zithunzi anazikonda.

Ndinagona pakati pa mabotolo. Mbozi zimatafuna mokweza, mukamvetsera.

Kusanache achemwali anandidzutsa. Kabokosi anakakulunga m'sokosi ziwiri.

"Usakagwedeze. Usakatsegule. Kaubweya kamodzi kakathothoka, akati ndi mtundu wina uja."

"Akandifunsa ndine ndani?"

"Unene kuti ndiwe mlongo wanga. Za alamu ako usayambe ndiwe."

Alamu anandiperekeza kudepoti, atavala jekete pamwamba pa zogonera. Basi italiza hutala, anandigwira mkono.

"Mlamu, kunena zoona. Inaoneka bwino kapena ayi?"

"Inaoneka bwino, alamu."

Anagwedeza mutu, mtima pansi. Ndinakwera. Ndinasankha mpando wakutsogolo, kopanda mabampu, kabokosi pamiyendo.