Manambala Awiri Ofanana

Ahedi anali atabwera kachitatu m'kachipinda ka makompyuta, ndipo ulendo uno sanagogode n'komwe.

"Anakompyuta, ana awiri angakhale bwanji nambala wani? Malo atipatsa amodzi."

Anakompyuta, mayi amene ankasamala databesi, nkhokwe ya malikisi a ana a pasukulupo, anatikita m'maso. Msana unkamupweteka chiyambire m'mawa, ndipo fani ya padenga inkangozunguza mpweya wotentha womwewo. Sukulu ina ya sayansi inkatenga mwana mmodzi wa pasukulu pawo chaka chilichonse, wopambana onse. Pa sikirini panali ana awiri, aliyense ndi 81. Wapamwamba anali mwana wa mchemwali wake, mtsikana amene ankakhala naye kunyumba kwake. Wachiwiri anali mnyamata wina wachete, wokhala kumbuyo m'kalasi.

Ahedi atatuluka, iye anatsegula fankishoni yake, kachidutswa ka malamulo kamene kankaphatikiza malikisi n'kutulutsa avereji. Polemba fankishoni, munthu amayenera kuiuza mtundu wa yankho loti izibweza. Chaka chatha ahedi anadandaula kuti timanambala ta pambuyo pa kadontho tikudetsa malipoti, ndiye iye anasankha nambala yathunthu. Koma kompyuta ilibe chisoni. Ukaiuza kuti ibweze nambala yathunthu, imangodula mchira n'kutaya, osafunsa kuti mchirawo ngwa yani.

Anawerengetsa pambali. Mtsikana wake anali ndi 81.2. Mnyamata uja anali ndi 81.7.

 Pakhonde ana anali akusesa.

Ahedi anasuzumiranso. Anati ngati makina akuti anawo ndi ofanana, iwo atenga amene ali pamwamba, nkhani ithe, anthu apite kwawo. Iwonso anali otopa, tayi atamasula. Kenako anaonetsetsa dzina la pamwamba lija n'kumwetulira.

"Ameneyu si wanu uja? Ndiye mukuvutikiranji? Chibale n'fupa, sichiwola."

"Ali pamwamba chifukwa cha chilembo choyamba cha dzina lake basi, ahedi."

"Inu mwalakwa chiyani? Makina ndiwo anena."

Zoona, palibe akanadziwa. Iye akanangotseka kompyuta n'kunyamula chikwama. Anakumbukira mmene mtsikanayo ankawerengera ali pa kampando ka m'khichini, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisamugwire. Anakumbukiranso mchemwali wake, amene pomusiya mwanayo anangonena kuti, "Ndakupatsa iwe, umuone." Ankamukonda mwana ameneyu ngati wobala yekha, ndipo zinamuwawa kwambiri.

Koma makinawo sananene kanthu. Ananena ndi iyeyo, tsiku limene anasankha mtundu wa yankho. Mnyamata uja naye anali ndi wina womudikira kunyumba.

Anafufuta mawu amodzi n'kulemba ena, kuti fankishoni izibweza nambala ya kadontho. Ntchito yonse inali yomweyo. Atayendetsanso, mayina awiri aja anasinthana malo. Malipoti a makalasi onse anafunika kusindikizanso, ndipo ahedi anang'ung'udza za mapepala ndi inki mpaka anatopa okha. Posaina anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, koma sananenenso mwambi wina.

Anakompyuta anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Mtsikana anamuthamangira pakhomo, n'kumulandira chikwama monga mwa masiku onse. Anali atakolopa m'nyumba monse, madzi osamba atatenthetsa kale.

"Amayi aang'ono, zatuluka?"

Anakompyuta anavula nsapato pang'onopang'ono, imodzi kenako inzake. M'basi monse anali akukonza mawu, koma onse anali atamuthawa.

"Zatuluka, mwanangu. Wakhoza bwino kwambiri." Anakoka mpando wina n'kuuika pafupi ndi wake. "Siya chikwamacho, udzakhale apa. Pali chimene ndachita lero, ndipo ndikufuna uchimve kwa ine."