Bering'i Yakumanzere

Mdala anali atawerama pa kagalimoto kampikisano ka mwana wake wamkazi kuyambira m'mawa, ndipo msana unali utayamba kale kumutukwana. Kagalimotoko kanali pa tebulo lachitsulo m'galaja, matayala akumbuyo atachotsedwa, ekiselo, chitsulo cholumikiza matayalawo, ili poyera. Mpikisano unali mawa lake.

Ntchito inali yomwe ija ya masiku onse: kutsuka mabering'i amene ekiselo imazunguliramo ndi parafini ndi mswachi wakale mpaka mchenga wa kubwalo la mpikisano utatuluka, kuwapukuta ndi kansanza, kenako kudontheza oyilo pang'ono. Girizi wambiri ankadana naye, ankati amangoitana fumbi. Kale ntchitoyi ankaigwira akuimba mluzu, koma masiku ano ankaigwira akuusa moyo.

Atamaliza anazunguza ekiselo ndi dzanja, n'kupendeketsa mutu kumvetsera. Bering'i yabwino imayenda mwakachetechete, yakutha imakukuta ngati munthu wotafuna mchenga. Mdala sanamve kanthu, ndipo anayamba kupukuta m'manja.

Mwana wake, yemwe ankayendetsa kagalimotoko, anali ataima pakhomo, akadali m'zovala za kuntchito, nsapato zili m'manja.

"Ababa, yakumanzereyo ikulira."

"Ukuti chiyani?"

"Ndati ikulira," anabwereza mokweza.

"Ikulira ndi njala yakoyo, mayi. Galu wamkota sakandira pachabe. Ine ndayamba kutsuka mabering'i iwe uli kumsana."

"Galu wamkotayo dzulo ndinamuitana pageti mpaka aneba ndi amene anatuluka."

Mdala sanaseke. Mwanayo anaika nsapato pansi, nagwira dzanja la bambo ake, naliika pa chitsulo chogwira bering'iyo. Kenako anazunguza ekiselo. Mdala anakamva m'zala, kanjenjemera kakang'ono, kobwerezabwereza. Ankadziwa zimene bering'i yotere imachita ikatentha n'kugwira pakona, kagalimoto kali pa liwiro, munthu atakhala pafupi ndi nthaka, chomuteteza chili chipewa chokha.

"Yayamba liti?" anafunsa motsitsa mawu.

"Iyi ndi ya lero. Mwezi watha inali yakumanja."

"Yakumanja ilibe vuto."

"Ilibe vuto chifukwa ndi yatsopano, ababa." Mwanayo anayang'ana pansi. "Inu mukamaliza, ndimadutsa nako kwa makanika wa kubwalo uja kuti amvetserenso. Ndinamupempha kuti asakuuzeni."

Mdala anakhala pa chigubu cha oyilo. Manyazi anamugwira, ndipo anamupweteka kuposa msana. Ndiye kuti nthawi yonseyi iye ankanyadira kubwalo, kuuza anthu kuti kagalimoto ka mwana wake sikadziwa dzanja la munthu wina, makanika uja akungogwedeza mutu mwaulemu. Moyo wake wonse anaugwirira pakati pa phokoso la mainjini, ndipo makutu anapita pang'onopang'ono osatsanzika. Zoona, chakudza sichiimba ng'oma.

"Ngati mwatopa, pumulani," anatero mwanayo. "Sindingakwiye. Mwagwira kokwanira."

Kutopa anali atatopadi, ndipo mtima wina unafuna kuvomera pomwepo. Akanagona mpaka dzuwa litakwera, zala zikanasiya kununkha parafini. Koma ankadziwanso kuti mwana wamkulu chonchi, wa ntchito yake ndi nyumba yake, chimene chinkamubweretsa m'galaja muno pafupipafupi chinali kagalimotoka. Ankaopa kukhala bambo wongoimbiridwa foni, foni yakenso osaimva bwino.

"Ndipatse sipanala iyo."

"Ababa..."

"Ndati ndipatse. Kumvako wayamba kutengera ine?"

Anamasula bering'i yakuthayo n'kuiponya m'chitini cha zitsulo. Anatenga ina yatsopano pa shelefu, naiika, namanga mabawuti modekha, nadontheza oyilo. Manja okha anali asanaiwale kalikonse.

"Kwa makanika wakoyo uzipitabe, sindikuletsa," anatero osadzutsa mutu. "Koma uzipita ine ndikudziwa. Ndipo ndikamamaliza, uzikhala uli pano. Ima apo, pafupi."

Mwanayo anasendera, nawerama, natchera khutu. Mdala anazunguza ekiselo. Mutu sanaupendeketse monga ankachitira zaka zonsezi. Anangoyang'anitsitsa nkhope ya mwana wake, kudikira kuti amuuze ngati ntchito yake yatheka.