Anabwera Kudzazonda Matenda

"Kodi Loweruka lino alipo amene angabwere kudzandionera?"

Dinnah anafunsa funsoli ataima pafupi ndi ketulo, m'holo imene Amalawi a ku Birmingham ankabwereka Lamulungu lililonse masana. Mapemphero anali atatha. Bambo Godwin anapitiriza kusanja mipando. Jacqueline anaweramira foni yake ngati yalira. Anti Mildred, amene ankatsogolera kwaya komanso china chilichonse chimene chinalibe mtsogoleri, anathira shuga mu tiyi n'kuyamba kutakasa modekha. Mwana wina anafunsa mayi ake m'Chingerezi ngati mabisiketi atsala. Funso la mwanayo linayankhidwa.

Dinnah anali namwino pa chipatala chachikulu cha ku Dudley. Masewero a hoke anawaphunzira ali kusekondale ku Blantyre, pa bwalo lafumbi, ndi ndodo zothyoka zomanga ndi mphira. Atafika ku England anapeza timu ya amayi ku Erdington, kumene ankachita lendi, ndipo chaka chimenecho, 2006, anali atagoletsa zigoli 26. Mu ligi yonse panalibe womuyandikira. Masewero a Lowerukawo anali omaliza, ndipo timu yake inkafunika kupambana kuti ikwere kupita mu ligi yapamwamba.

Koma kwa anthu akwawo, mpira ndi umene umamenyedwa ndi phazi. Bambo Godwin ankatha kukangana za timu ya Villa mpaka tiyi kuzizira, ndipo zotsatira za Bullets ankazidziwa msanga kuposa abale awo a ku Ndirande. Za hoke iwo ankangoti, "Zija zothamanga mutawerama ngati mukupha mbewa?" Kuwonjezera apo, kwaya inkaphunzira nyimbo Loweruka masana, nthawi yomweyo ya masewero. Anti Mildred anali atanena kale, osakweza mawu.

"Mwana wanga, alito yako tikuisowa. Anthu ayamba kufunsa ngati udakali wathu. Mwezi uno ukatha usankhe, kwaya kapena ndodo."

Dinnah anali atasankha. Anaganiza zosewera Loweruka limenelo basi, kenako n'kukankhira ndodo kuseri kwa wadirobu. Munthu kunja kuno sataya anthu akwawo chifukwa cha masewero amene palibe akuwaonera.

Oonera analipo, tisaname. Kunali mkulu wina wopuma pantchito dzina lake Harvey, amene ankabwera ndi galu wake. Kunali amuna a osewera ena, amene ankakhala m'magalimoto atayatsa hita n'kumawerenga nyuzipepala. Dinnah akagoletsa, Harvey ankawomba m'manja atavala magolovesi, phokoso lake ngati munthu akukutumula pilo. Nyuzipepala ya m'deralo inkalemba dzina lake m'timizere tiwiri, pansi pa nkhani za mipikisano ya nkhunda.

Lachitatu pokonzekera masewero, mpira unadumpha pa ndodo ya mnzake n'kumumenya pamwamba pa diso lakumanzere. Anamusoka, dokotala anamuunika n'kunena kuti mutu uli bwino. M'mawa mwake diso linali litatupa, lili bii ngati biringanya. M'basi yopita m'tauni anakumana ndi bambo Godwin, akuchokera kuntchito ku nyumba yosamalira okalamba.

"Mayo ine! Achemwali, mwatani?"

"Ndi mpira chabe, bambo."

"Mpira?" Anamuyang'anitsitsa, napukusa mutu. Potsika pa siteji yotsatira, foni inali kale pakhutu.

Dinnah sanaziganizirenso. Foni yake anaizimitsa, monga ankachitira masewero aakulu akayandikira.

Loweruka kunacha ndi kamvula kowaza. Bwalo la kapeti wobiriwira linali kuseri kwa sukulu ina, lotchingidwa ndi waya. Adani awo, timu yochokera ku Walsall, anabwera ndi makolo ndi ana odzaza minibasi, ndipo anagoletsa masewero atangoyamba kumene. Anali atamva za Dinnah. Kulikonse kumene iye ankapita, atsikana awiri ankamutsata ngati ana a nkhuku. Diso lotupalo linkangoona theka la bwalo. Kawiri konse mpira unamudutsa kumanzere iye osauona.

Chigawo choyamba chili pafupi kutha, anaona maambulera akubwera m'mbali mwa waya. Anali ambiri, akuyenda pamzere, pang'onopang'ono, ngati anthu opita kumaliro. Pansi pa maambulerawo panali majasi akuda, ndipo pamwamba pa majasiwo anamanga zitenje. Ena ananyamula majumbo, ena mafulasiki. Patsogolo panali anti Mildred.

Wezulo ya kupuma italira, anzake anapita kukamwa madzi. Dinnah analunjika kuwaya.

"Anti! Mwabwera?"

"Tabwera kumatenda," anatero anti Mildred. "Tafika kunyumba kwako, tagogoda mpaka neba watuluka. Akuti wodwala watenga ndodo, wapita kukathamanga. Sendera kuno."

Analowetsa dzanja pa mpata wa geti, namugwira chibwano. Iwonso anali namwino, wa zaka zambiri. Anayang'ana ulusi, anatsegula chikope ndi chala, anamuuza kuti atsatire chala chawo ndi maso.

"Wasoka ameneyu amadziwa ntchito," anatero, ngati zawakhumudwitsa.

"Iwe Dinnah, ukudziwa zimene watichita?" anatero Jacqueline. "Ku Dudley tinamva kuti diso latuluka. Pofika ku Wolverhampton unali utasweka mutu. A ku Coventry aimba dzulo kufunsa ngati akwanu awauza. Foni yako osagwira! Ine ndaswapa shifiti ndi mnzanga wa ku Philippines, Khirisimasi ino ndigwira ndine."

"Ine ndinangonena zimene ndinaona," anatero bambo Godwin.

"Munanena kuti samatha kuyankhula!"

"Amayankhula pang'ono."

Dinnah anawerenga nkhope zawo. Kwaya yonse inali pamenepo, kuphatikizapo amayi awiri amene sankayankhulana chiyambire ukwati wina wa ku Leicester. Anthu amene kwa zaka zitatu analephera kukwera basi imodzi kudzamuona akugoletsa, lero anakwera mabasi atatu atamva kuti ali pafupi kufa. Anafuna kuseka, koma ulusi unamukoka.

"Katenge chikwama chako," anatero anti Mildred. "Tikupita. Phala lili m'fulasikimu lidakatentha."

"Anti, kwatsala chigawo chimodzi. Ndi masewero anga omaliza. Mlungu wamawa mundiona kukwaya."

"Ukufuna akuchotse diso linalo?"

Nthawi yonseyi Harvey anali chapafupi, galu wake akununkhiza jumbo la mandasi. Anatsokomola, navula chipewa.

"Pepani," anatero m'Chingerezi cha ku Birmingham chija chotulukira m'mphuno. "Ndinu abale ake?"

"Ndife," anayankha anti Mildred.

"Nonsenu? Zabwino kwambiri. Ine ndinkaganiza kuti mtsikanayu alibe aliyense kuno. Amabwera yekha, amapita yekha. Ndinauza mkazi wanga kuti mwina ndi wamasiye." Anavalanso chipewa. "Ndaonera hoke kuyambira ndili mwana. Wogoletsa ngati uyu sindinamuonepo pa bwalo lino."

Dinnah anamuyang'ana modabwa. Mkuluyu anali asanamuuzepo mawu oposa awiri.

Bambo Godwin anayang'ana nsapato zawo. Anti Mildred anaima chilili, madzi akudontha pa ambulera. Kumudzi munthu angakunene kuti ndiwe waulesi, kapena wouma manja, n'kupirira. Koma mlendo kuima pamaso pako n'kunena kuti mwana wako amaoneka wopanda abale, zimenezo zimalowa mpaka m'mafupa.

Anti Mildred anatsegula fulasiki, nathira phala m'chivundikiro.

"Wadya?"

"Pang'ono."

"Imwa."

Linali phala la mgaiwa lotendera nsinjiro. Dinnah anamwa ataimirira, Kate, kaputeni wa timu, akumukodola kuchokera pakati pa bwalo. Wezulo inalira.

"Ukamaliza tikambirana," anatero anti Mildred. Sanachoke pawayapo.

Chigawo chachiwiri chinayamba monga choyamba, kungoti tsopano kunali alangizi. Bambo Godwin anayenda chokwera ndi chotsika m'mbali mwa waya ngati kochi. Mpira ukakhudza aliyense, iwo ankafuula kuti penate. Wina ataukweza m'mwamba anakuwa, "Mutu, Dinnah! Menya ndi mutu!"

"Mutu wake uti?" anatero anti Mildred. "Umene munati wasweka uja?"

Kenako mtsikana wa ku Walsall anagunda Dinnah ndi phewa, iye n'kugwa chagada. Oonera a ku Walsall anawomba m'manja. Dinnah akudzuka anamva mawu a anti Mildred, aja amene ankamveka mpaka kumpando wakumbuyo m'tchalitchi.

"Iwe mwana wa eni ake! Ife tili pompano!"

Woyimbira anapereka kona yaifupi. Imeneyi ndi mphatso mu hoke: mnzako amakankha mpira kuchokera pamzere wa golo, wina amauimitsa, iwe n'kumenya adani asanakufike. Dinnah anaima chopendekera kuti diso labwino lione zonse. Kate anakankha. Mpira unaima. Dinnah anamenya, ndipo thabwa la kumbuyo kwa golo linalira kuti pho!

Zimene zinatsatira, bwalo limenelo linali lisanazimvepo. Nthungululu zinang'amba mvula. Galu wa Harvey anayamba kuuwa, nkhunda zinauluka padenga la sukulu. Kumalo oimika magalimoto zitseko zinatseguka, amuna aja n'kutuluka nyuzipepala zili m'manja, akufunsana ngati kwachitika ngozi. Jacqueline ankamenya fulasiki ndi supuni. Amayi awiri osayankhulana aja anali atakumbatirana, mwina osadziwa.

Kwaya siyikhala nthawi yaitali osapeza nyimbo. Wina anayambitsa, "Diso limodzi!" Onse anavomera, "Golo waliona!" Anaikapo besi ya bambo Godwin, anaikapo kuwomba m'manja, anayamba kupendekera uku ndi uku mogwirizana. Posakhalitsa amuna a m'magalimoto aja anali pawaya, akuyesa kutsatira, akuwomba m'manja mophonya. Mawuwo sankawamva, koma dzina la Dinnah likafika ankalikuwa mwamphamvu.

Kufanana zigoli sikunali kokwanira. A ku Walsall anabwerera onse kumbuyo n'kutseka golo ngati khola. Nthawi inali kutha. Miyendo ya Dinnah inalemera, bandeji inanyowa n'kuyamba kumatuka. Koma anazindikira kanthu kena. Mpira ukamabwera kumbali imene sankaona, nyimbo ija inkasanduka mfuu.

"Kumanzere! Kumanzere, iwe!"

Anatembenuka, mpira unali pomwepo. Anaukokera kumanja, mdani woyamba anadutsa ngati waitanidwa kwina. Wachiwiri anatambasula ndodo, Dinnah anaunyamula pang'ono mpirawo n'kuudumphitsa. Analowa m'chigawo chogoletsera, goloboyi anatuluka ndi zovala zake zonenepa zija n'kudzigwetsa. Dinnah anagwada bondo limodzi, anatembenuza ndodo, nausesa mpira kuti udutse kunsi kwa mkono wake.

Pho!

Sanamve ngakhale wezulo yomaliza, imene inalira patangopita kanthawi. Anzake anamugwera pamsana. Atadzuka anaona Harvey atavula magolovesi, atawapana m'khwapa, akuwomba ndi manja enieni, ofiira ndi kuzizira.

Pageti amayi anali atamasula zitenje zawo n'kuziyala pa konkire yonyowa, kuchokera pabwalo mpaka pakhomo la kanyumba ka kalabu. Kate, amene anali patsogolo, anaima n'kuyang'ana uku ndi uku pofuna polambalala.

"Achapa zovala?" ananong'oneza.

"Ayi," anatero Dinnah. "Tiye."

Anayenda pa zitenjezo ndi nsapato zamatope, nthungululu zili mbali zonse, ndipo Dinnah anayesetsa kuti asalire chifukwa mchere ukanalowa pabala.

Mwambo wa hoke ndi wakuti eni bwalo amadyetsa alendo masewero akatha. Tsiku limenelo pathebulo panali masangweji a tchizi monga mwa nthawi zonse, koma pambali pake panabwera zonse zimene anthu anatengera wodwala: mphesa, malalanje, chakumwa cha Lucozade, mandasi, nkhuku yokazinga. Atsikana a ku Walsall, atapukuta misozi, anadya mandasi mpaka kufunsa dzina lake. Bambo Godwin anali pakona akufotokozera Harvey mmene chigoli chachiwiri chinalowera, ngati kuti Harvey kunalibe.

Anti Mildred anakhala pampando wapulasitiki, ndodo ya Dinnah ili pamiyendo. Anaitembenuza, anaiyeza kulemera, anapapasa pamene panaperepeseka.

Kate anabwera ndi tiyi. "Ligi yatsopano ikuyamba Seputembala," anauza Dinnah. "Kumeneko n'kovuta. Tikudalira iwe."

Dinnah anayang'ana kapu yake. "Tikambirana, Kate." Kenako anatembenukira kwa anti Mildred n'kutsitsa mawu. "Anti, zija ndinalonjeza sindinasinthe. Loweruka ndibwera."

Anti Mildred anamubwezera ndodo, naimirira, namenya supuni pa kapu mpaka onse a kwaya anacheuka.

"Tamverani kuno. Kuyambira mlungu wamawa, kwaya ndi Lachisanu madzulo."