Chiwongolero Chopeta

Bwezani anawaona komaliza atate ake pa siteshoni ya basi ku Kapata, tsiku lomwe ankabwerera ku koleji ku Lusaka. A Gerson Miti, mphunzitsi wopuma, sanatsike n'komwe m'galimoto. Anangotulutsa mutu pawindo n'kumuuza kuti akamete tsitsi. Kenako Zefa yawo yakale inatembenuka, manja awo akugwedeza chiwongolero uku ndi uku monga mwa masiku onse. Pakhomo pawo ankati atate akupeta, chifukwa manjawo ankayenda ngati a munthu wogwira lichero.

Mvula isanathe a Miti anamwalira ndi chibayo, ndipo anakaikidwa kwawo ku Chiparamba. Bwezani anabwera kumaliro ndi kachikwama kamodzi, ku koleji osabwereranso. Anthu a kumpingo ankamufunsa kuti apita liti, iye n'kumati mawa, mpaka anatopa kufunsa.

Amayi ake, a Edita, chibwerere kumaliro anali asanaonenso manda a amuna awo. Chiuno chinkawavuta, moti kukwera pamwamba pa malole opita kumudzi sakanatha. Chowafikitsa chinali Zefayo basi. Tsiku lina Bwezani anawakweza, koma asanatuluke m'tauni anadziwa chomwe atate ake ankapetera. Chiwongolero chinali chokhwepa. Ukachipotoza chinkayenda chikhatho chonse matayala asanamve. Galimoto inayamba kudzisankhira njira, n'kukaima tayala limodzi lili m'ngalande. A Edita anatsika, namanganso chitenje chawo.

"Ndaika kale mmodzi," anatero. "Iwe sindikuika ayi." Anabwerera wapansi, akutsimphina.

Mkwiyo wa Bwezani unagwera malemu. Zaka zonsezo munthu kumaseka nawo za kupeta, osanena kuti chinthu n'chowonongeka. Galimoto anaitulutsa m'ngalandemo n'kuibweza kunyumba, ndipo m'mawa mwake anatsegula boneti, napeza bokosi la chiwongolero pansi penipeni, lokutidwa ndi mafuta akuda. Pamwamba pake panali kabauti kogwidwa ndi nati. Anamasula natiyo n'kumanga kabautiko mpaka kugwedera konse kunatha. Matayala anali atapotokera kumanja, momwe anawasiyira polowa pabwalo. Poti awongole, chiwongolero chinafika pakati n'kuuma gwa.

Anakhala pansi, atatsamira tayala. Ndi momwe anamupezera a Wilbroad Chanda, kalaliki wopuma wa ku boma, mnzawo wa malemu. A Chanda anali Mbemba, ndipo pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa ngati a Miti pali chimbuya, chipongwe cha pachibale chomwe sichiopa ngakhale maliro. Tsiku loika a Miti, a Chanda ndiwo ankauza anthu kuti malemu atsamwa ndi mchira wa mbewa.

"Mwana wa kapolo wanga, wapha galimoto?"

"Ambuya, pitani mukadye anyani anu. Lero sindikuseka."

"Anyani ndadya kale. Tandiuza, pomanga kabauti ako matayala amayang'ana kuti?"

Bwezani analoza kumanja. A Chanda anavula chipewa n'kuseka mpaka kukhosomola.

"Magazi ndi oopsa. Atate ako anachita zomwezi, iwe ukukwawa. Anamanga chonchi, n'kunyamuka atavala suti kupita kutchalitchi. Galimoto inakana kuwongoka, n'kumangozungulira mtengo wa mango wa abusa, kwaya ikuonerera. Anabweza momwe zinalili, nalumbira kuti bokosi limenelo sadzalikhudzanso. Ine anandiletsa kuuza munthu. Tsopano andiletse."

Bwezani anawaona atate ake m'maganizo, m'suti yawo yofiirira, akuzungulira mango nkhope ili yolusa. Anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka china, ndipo a Chanda anatembenuka kukafunafuna jeke m'buti.

Nawonso anali ndi Zefa kale, yomwe tsopano nkhuku zinkaikiramo mazira, ndiye bokosilo ankalidziwa. Mano a m'katimo, anatero, amagwirana kwambiri chiwongolero chikakhala pakati, koma chikapita kumbali amatayana pang'ono. Ukamangira kumbali, pakati pamauma. Anakweza kutsogolo kwa galimoto, namasula kabautiko, nawongola matayala kuti ayang'ane pageti. A Chanda analowa m'kati kugwedeza chiwongolero, Bwezani akumanga pang'onopang'ono.

"Basi, lekera pomwepo."

"Chikugwederabe."

"Kagwedere ka zala ziwiri n'kake. Inu akudya mbewa mumafuna kumaliza chilichonse mpaka mchira. Gwira kabautiko kasatembenuke, umange nati."

Anathiramo oilo, napotoza chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse, ndipo sichinagwire paliponse. A Edita ankaonera ali pakhonde.

"Mkazi wanga," anatero a Chanda mwachimbuya, "kwerani tiyese."

"Muyambe mwakwera inuyo. Mbemba akagwera m'ngalande palibe chotayika."

Bwezani anawatenga a Chanda n'kuzungulira nawo Kapata yense, kudutsa kumsika ndi m'makumbi momwe, n'kubwerera. A Edita anayang'ana matayala, nayang'ana mwana wawo, kenako analowa m'nyumba kukafuna kambwiri kolimira pamanda.

Ananyamuka kutacha, a Edita kutsogolo, a Chanda kumbuyo akudandaula za fumbi la kum'mawa. Mpaka pamene phula linathera a Edita anali atagwira chitseko ndi manja awiri. Atalowa mumsewu wafumbi wa ku Chiparamba anachisiya, nayamba kutchula mayina a eni minda yomwe ankadutsa.

Pamanda udzu unali utauma. A Edita anagwada movutikira, n'kuyamba kupalira chakumutu, akulankhula motsitsa mawu ngati munthu wouza mnzake za pakhomo. Amuna awiriwo anaima patali pang'ono.

"Ambuya," anatero Bwezani, "zikomo."

"Khala chete, kapolo sathokoza. Pita ukawathandize amako."

Anapita, nagwada pambali pawo. Linali Loweruka, pa 14 Sepitembala 1996.